Kope, pensulo ndi mphindi 10: momwe ndimawerengera mbalame kuno ku Mzuzu

Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ndimadzuka 5 koloko m'mamawa kwathu ku Masasa, n'kuvala juzi ndi magambuti, ulendo wa ku mtsinje wa Lunyangwa kukawerenga mbalame. Palibe amandilipira. Anzanga angapo andifunsapo kuti munthu wopanda mabainokyula, yemwenso sanaphunzire za zachilengedwe, angayambire pati. Inenso ndinayamba chimanjamanja, ndi kope la ana asukulu basi.

Yambani ndi kusankha njira imodzi ya pafupi ndi kwanu, yoti mukhoza kufikako wapansi ngakhale tsiku lomwe m'thumba mulibe ya kabaza. Ku Nyika ndi ku Vwaza n'kokoma, koma kumeneko munthu amapondako kamodzi pa chaka, pomwe ntchitoyi imafuna kubwerera malo omwewo mwezi ndi mwezi. Njira yanga ndi ya makilomita 2. Imayambira m'minda ya chimanga, kudutsa padambo, n'kukathera m'mphepete mwa nkhalango. M'njiramo ndinasankha malo 5 oimapo, otalikirana mapazi ngati 300, kuti mbalame yomwe ndaimva pano ndisakaiwerengenso kutsogolo. Malowo ali ndi mayina: pamsuku, pamlatho wa matabwa, pachulu, ndi ena. Ndikadwala, wina akhoza kutenga kopelo n'kukaima ndendende pomwe ndimaima ine.

Pamwamba pa tsamba lembani tsiku, nthawi yoyambira, mmene kunja kwachera ndi chiwerengero cha anthu amene mulipo. Lembani ndi pensulo. Kope langa loyamba ndinkalemba ndi bolopeni, mvula ya mu April inandipeza padambo ndipo ntchito ya miyezi itatu inafufutika yonse.

Mukafika poimira, khalani kaye zii kwa mphindi imodzi kuti zomwe zinathawa mgugu wanu zibwerere. Kenako werengani kwa mphindi 10, osapitirira ngakhale kutakoma bwanji. Lembani zomwe mwaona ndi zomwe mwangomva kulira. Nthawi yabwino ndi dzuwa likangotuluka mpaka cha m'ma 9, chifukwa kukatentha zambiri zimatonthola. Nkhungu yathu ya mu June ndi July mukuidziwa. Ikatseka mpaka mtengo wa patsogolo panu osaoneka, dikirani ipite, ndipo mulembe kuti munachedwa kuyamba. Gulu lalikulu, monga akakowa pobwerera kogona, werengani 10 oyamba, muone kukula kwa kagulu kameneko, n'kuyerekeza otsalawo khumikhumi.

Chomwe ndimachigwiritsa kwambiri ndi ichi: lembani zonse, ngakhale pumbwa, njiwa ndi khwangwala amene mumawaona tsiku ndi tsiku pa msika. Ndipo mbalame yomwe mumaipeza nthawi zonse ikasowa, lembani 0. Akuluakulu kuno amatiuza kuti kale nkhanga ndi nkhwali zinali mbwee m'malo momwe lero muli nyumba ndi minda, ndipo ndimawakhulupirira. Koma palibe analemba kuti zinali zingati, zinayamba kuchepa chaka chiti, n'chiyani chinachitika chaka chimenecho. Mbalame siitsanzika. Imangochepa pang'onopang'ono, ndipo amene amayamba kuzindikira ndi uja ali ndi kope lodzaza masiku wamba.

Musalembe zongoganizira. Mbalame yosaidziwa ifotokozeni mmene mwaionera: yaing'ono ngati mpheta, mlomo wautali wopindika, pachifuwa pofiira, ikuyamwa maluwa. Apo mwadziwa kale kuti ndi ya mtundu wa choso, zotsalazo mukafufuza kunyumba. Pulogalamu ya pafoni ya Merlin imathandiza mukaionetsa chithunzi, koma nayo imaphonya, ndiye mawu omaliza akhale a maso anu. Funsaninso achikulire a m'deralo. Ambiri amazindikira mbalame ndi kaliridwe kokha, ndipo ine ndimalemba dzina la Chitumbuka, la Chichewa ndi la Chingerezi pamzere umodzi.

Zomwe mwalembazo zisathere m'kabati. Zitumizeni pa eBird, nkhokwe yaulere ya pa intaneti yomwe inakhazikitsidwa mu 2002 ndipo imayendetsedwa ndi Cornell Lab of Ornithology ku America. Siidya bandulo yambiri. Imafunsa ngati mwalemba mitundu yonse yomwe munakwanitsa kuizindikira. Yankhani zoona, chifukwa yankho limenelo ndi limene limauza ofufuza kuti mbalame yosalembedwayo simunaione kapena kuimva. Fufuzaninso a Wildlife and Environmental Society of Malawi, bungwe lomwe linayamba mu 1947 ndipo ndi limene limagwira ntchito m'dziko muno ndi BirdLife International, mgwirizano wa mabungwe oteteza mbalame padziko lonse. Mu January muli kalembera wa mbalame za m'madzi yemwe amatsogolera ndi a Wetlands International, bungwe loteteza madambo, ndipo odzipereka ngati ife ndi amene amamuyendetsa.

M'Malawi muno muli mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo ina mwa yomwe ili pachiopsezo ili kumpoto konkuno. Mukadzapeza mwayi wokwera ku Nyika nyengo ya mvula, kudzera ku Rumphi ndi pachipata cha Thazima, mudzayang'ane namzeze wabuluu, amene pa Chingerezi amatchedwa Blue Swallow. Ndinamuona cha ku Chelinda akuuluka mokhudza nsonga za udzu nkhungu ikuyera, thupi lonse lakuda mobiriwira ngati chitsulo chonyezimira, wamwamunayo ali ndi nthenga ziwiri zazitali kumchira ngati mawaya. Chisa chake amamanga pansi pa nthaka, m'mauna a nyama zokumba ndi m'magomo a timitsinje. Amafika cha mu September ndi October, ndipo pofika April amanyamuka kupita cha ku Uganda. Amafuna udzu wa kumapiri basi, ndiye dambo likalimidwa kapena likadzalidwa paini, ngati mahekitala oposa 50,000 a ku Chikangawa, iye alibenso pokhala. Mukaona akulowa muuna, imani patali. Musasuzumiremo, ndipo malo a chisacho musawaike pa Facebook.

Miimba nayo ikutha. Muimba wa msana woyera unaikidwa pa gulu la zotsala pang'ono kutheratu mu 2015. Umaikira dzira limodzi pa chaka, pomwe nyama imodzi yothiridwa chiphe imapha gulu lonse tsiku limodzi. Mukapeza miimba yakufa pamalo amodzi musaigwire, musalole agalu kuyandikira, jambulani chithunzi n'kudziwitsa a Nthambi ya Zanyama Zakuthengo.

M'njira mudzakumana ndi anyamata a malegeni ndi ulimbo. Kuwakalipira sikuthandiza, mawa amangosintha njira. Wina ndinamupeza pamlatho wa matabwa, ndinangoti, "Mphwanga, ikulira apoyo ndi mbalame yanji?" Iye osayang'ana n'komwe anati, "Ameneyo ndi gogomole, ankolo, ali pamtengo wouma uwo." Analidi pomwepo. Tsopano amandidikira pamlathopo, iye kutchula, ine kulemba, ndipo mwezi watha anandionetsa chisa cha nantchengwa chomwe ndakhala ndikuchidutsa kwa chaka chathunthu. Legeni amayenda nayobe m'thumba, koma pa mphindi 10 zathu sakoka.

Pachulu nkhwali sinalire kuyambira pomwe anatentha tchire mu August. Ndalemba 0 katatu motsatizana, ndipo Loweruka likudzali ndikaimanso pomwepo 6 koloko isanakwane.