Mukapita kukasewera gofu kugombe la nyanja, mpira uziyenda pansi

Anzanga a ku Chipata Golf Club, amene mukukonzekera kukasewera pa mabwalo a gofu a kugombe la nyanja, ku Humewood ku Gqeberha (South Africa) kapena ku St Andrews (Scotland), wedge, ndodo ija yokwezera mpira m'mwamba, muyipumitseko. Kunyanja mphepo ndiyo imalamula, ndipo kawirikawiri imakula masana, choncho pemphani nthawi ya m'mawa.

Mphepo ikamachokera kutsogolo, musamenye mwaukali. Mpira womenyedwa ndi mphamvu umazungulira kwambiri, umakwera m'mwamba n'kugwa usanafike. Tengani ndodo yotalikirapo, 6-iron m'malo mwa 8, mpira muuyike chakuphazi lakumbuyo, n'kumenya modekha. Ikamachokera m'mbali, lunjikani kumene ikuchokera kuti yokha ikubweretsereni mpira pakati.

Nthaka ya kumeneko ndi yamchenga, youma gwa. Mugwetsere mpira kutsogolo kwa green, malo a udzu wosalala pamene pali dzenje ndi mbendera, kuti ugubuduke wokha. Putter, ndodo yogubuduzira mpira, imathandiza ngakhale muli panja pa green. Maenje a mchenga ndi akuya, makoma ake ali njo. Mukagweramo tulukirani m'mbali basi, mbendera muyiiwale.

Zonsezi yeserani konkuno mu Ogasiti ndi Seputembala, udzu ukauma ndipo mphepo ikuuluza fumbi.