Mmene Mungachotsere Mchenga m'Chitsime cha Mafuta Kuti Pampu Isawonongeke

Mchenga wochokera m'miyala yofumbutuka umapala zitsulo za pampu ya pansi pa chitsime, ndipo pampuyo ikazimitsidwa, mchenga umene unali m'paipi umaigwera n'kuimanga moti singazungulirenso. Choyamba, yezani kukula kwa timchengato, chifukwa sefa yotchingira mchenga m'chitsime ikasankhidwa mwachisawawa imatsekeka msanga kapena imalola zonse kudutsa.

Ngati mchenga waunjikana kale pansi, lowetsani paipi yopindika yotchedwa coiled tubing ndipo mupope madzi mwamphamvu mpaka obwerera kumtunda atayera. Musaime ntchito ili mkati, pakuti mchenga woyandamawo ungatsike n'kupanikiza paipiyo, zomwe n'zovuta kwambiri kukonza. Kenako kunsi kwa pampu ikani desander, chipangizo chimene chimazunguza mafuta kuti mchenga ugwere m'paipi yosungiramo. Poyatsanso pampu, yambani pang'onopang'ono, popeza kukoka modzidzimutsa kumagumula mchenga wina.