Bondo likavuta, dziwani chawonongeka musanavomere opareshoni

Bondo langa lakumanja linalira kuti thwa! ndikutembenuka ndi mpira, phazi litakanirira pansi. Mmene kumada linali litatupa moti kulipinda kunali kosatheka. Patapita zaka, amayi anga nawonso anayamba kudandaula maondo, koma iwo sanagwe kapena kubinya. Ululu unangowalowa pang'onopang'ono mpaka kukwera masitepe kunakhala ntchito yoyamba apuma kaye. Tonse tinkati bondo likupweteka, koma matenda athu anali osiyana, ndipo chimene chinandichiza ine sichikanawathandiza iwo.

Choncho yambani ndi funso ili kwa dokotala: chawonongeka n'chiyani kwenikweni? Apempheni akulozereni pa chithunzi. M'bondo mumakumana fupa la ntchafu ndi la msongolo, ndipo nsonga zake n'zokutidwa ndi chicherewecherewe choterera. Pakati pake pali timaphedi tiwiri tooneka ngati mwezi wongotuluka kumene, totchedwa meniscus. Palinso mitsempha ikuluikulu inayi yomanga mafupawo, ndipo umene umakonda kuduka pamasewera ndi ACL. Ekisire imaonetsa mafupa basi. Mitsempha ndi meniscus zimaoneka pa MRI, makina ojambula ziwalo zofewa za mkati mwa thupi. Pa nyamakazi ya kutha kwa chicherewecherewe, ekisire yojambulidwa mutaimirira imakwana nthawi zambiri, chifukwa imaonetsa mmene mpata wa pakati pa mafupa wachepera. Mukumbukirenso kuti m'chicherewecherewe simuyenda magazi. N'chifukwa chake chikaperepeseka sichimeranso ngati khungu.

Pali zinthu ziwiri zosayenera kuchedwa nazo. Bondo likatupa, kufiira ndi kutentha, inunso thupi likutentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa tizilombo tikalowa m'bondo timaliwononga m'masiku ochepa. Chimodzimodzi likakanirira osawongoka ngati muli kanthu kotsekereza: kawirikawiri amakhala meniscus yong'ambika imene yapindikira pakati pa mafupa.

Ine unaduka unali ACL. Mtsempha umenewu kawirikawiri sausoka. Amatenga kachidutswa ka mtsempha wina wa kuseri kwa ntchafu kapena wa m'munsi mwa kafupa ka pamwamba pa bondo, n'kuboola mafupa ndi kukadutsitsa pamene panali wakalewo. Si aliyense woduka ACL amene amafunika opareshoni. Ngati simuthamanga mokhotakhota ndipo bondo silikugwederani mukamayenda, mafizo okha angakukwaneni. Langa linkandigwetsa ngakhale potembenuka m'nyumba, ndiye ndinavomera. Koma dokotala anakana kundichita mpaka kutupa kutatha ndiponso mwendo utayamba kuwongoka bwinobwino. Ndinakwiya nthawi imeneyo, koma anali kunena zoona: bondo lolowa mu opareshoni litauma limatulukamo louma kwambiri.

Ntchito yeniyeni inayamba nditatuluka. Patangotha milungu iwiri ntchafu yanga inali itafota, ndikaiyerekeza ndi inzake. Ndinkakhala pansi, thawulo lopindidwa kunsi kwa chidendene, n'kumakanikizira bondo pansi uku ndikuwerenga mpaka 10, maso ali pa mnofu wa pamwamba pa bondo kuti ndione ngati ukugwedezeka. Masiku oyamba sunkayankha n'komwe. Musapupulume kubwerera pabwalo isanakwane miyezi 9, ngakhale ululu utatha kalekale. Mtsempha watsopanowo umatenga nthawi kuti ukhwime.

Ngati yang'ambika ndi meniscus, funsani ngati ingasokedwe. Chakunja kwake kumafika magazi, ndiye pong'ambika kumeneko pamatha kupola akasoka. Chamkati sikufika magazi, ndipo amangodula kachidutswako. Kudula kumakuimitsani msanga, koma meniscus ikachepa mafupa amayamba kupsinjana, nyamakazi n'kufulumira. Ngati dokotala akuti kusoka n'kotheka, ine ndingati piriraniko milungu ya ndodo.

Wachinyamata amene chicherewecherewe chakumbika malo amodzi, kwinako kuli bwino, ali ndi njira zotsekera bowolo. Ina ndi kuboola timabowo pa fupa kuti magazi ndi mafuta a m'fupa atuluke n'kupanga chipsera. Chimatseka, koma sicholimba ngati chobadwa nacho. Ina ndi kusamutsa kachidutswa ka fupa ndi chicherewecherewe chake kuchoka pamene sipalemedwa. Yachitatu, imene madokotala a ku Sweden anaifotokoza mu 1994, ndi kutenga maselo anu, kukawachulukitsa ku labotale, kenako kuwabwezera pa opareshoni yachiwiri. Zonsezi n'zokonzera bowo limodzi, osati bondo lotha paliponse.

Tsopano za amayi, ndipo apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amataya nthawi ndi ndalama. Wina anawauza kuti akangotsukitsa bondo ndi kakamera, basi achira. Njira imeneyi inayesedwa. Mu 2002 ku Houston, m'dziko la America, odwala nyamakazi 180 anagawidwa: ena anatsukidwa m'bondo, ena kutsukidwa ndi kupalidwa, ena kungochekedwa pakhungu popanda chochita mkati. Patatha zaka ziwiri panalibe kusiyana. Mu 2013 ku Finland anayesa mofananamo pa anthu 146 amene meniscus inang'ambika chifukwa cha kutha, ndipo anapeza zomwezo. Mukakhala wamkulu ndipo MRI yaonetsa meniscus yong'ambika koma bondo silikutsekeka, yambani ndi mafizo.

Zimene zimathandizadi poyamba n'zosachititsa chidwi. Limbitsani minofu ya ntchafu ndi m'chiuno kwa miyezi itatu mosadumphitsa. Ngati thupi ndi lalikulu, chepetsaniko, poti kilogalamu imodzi ikachoka, bondo limapeputsidwa pafupifupi makilogalamu 4 pa sitepe iliyonse. Ndodo igwireni kudzanja la mbali yabwino, osati yopwetekayo. Amayi anakhala nthawi yaitali akuigwira mbali yolakwika. Mankhwala opaka monga diclofenac savutitsa m'mimba ngati akumwa.

Majakisoni alipo amitundumitundu. Wa steroid amaziziritsa bondo lotupa kwa milungu ingapo, ndipo ndi wothandiza mukafuna mpata woti muyambe mafizo. Kumubwereza pafupipafupi ndiye ayi: kafukufuku wa mu 2017 anapeza kuti obayidwa miyezi itatu iliyonse kwa zaka ziwiri chicherewecherewe chinawathera kuposa obayidwa madzi amchere, ululu uli chimodzimodzi. Wa hyaluronic acid, amene amati ndi wofewetsa bondo, phindu lake ndi lochepa. PRP ndi magazi anu omwe: amawazunguliza pamakina, n'kutenga mbali yodzaza tizigawo toundanitsa magazi n'kukubayani m'bondo. Ena amati amamvako bwino, koma ku Australia mu 2021 atayesa pa anthu 288, PRP sinapose madzi amchere patatha chaka, kaya pa ululu kaya pa kukula kwa chicherewecherewe. Za ma stem cell, maselo otha kusanduka mitundu ina ya maselo, palibe umboni wolimba woti amameretsanso chicherewecherewe m'bondo la nyamakazi. Zimandiwawa kuona okalamba akulonjezedwa bondo latsopano ndi jakisoni. Wokugulitsani mumufunse kuti njirayo inayerekezedwa ndi jakisoni wopanda mankhwala pa anthu angati, ndipo anapeza chiyani.

Zonsezi zikakanika, opareshoni ili mitundu itatu. Ngati mukadali ndi mphamvu, mwendo ndi wamatewe ndipo latha mbali imodzi, amatha kudula fupa la msongolo n'kuliwongola kuti thupi lizilemera mbali yabwino. Ngati latha mbali imodzi ndipo mitsempha ili bwino, amasintha mbali yokhayo. Likatha konse, amapala nsonga za mafupa n'kuvekapo chitsulo, pakati n'kuikapo pulasitiki wolimba. Kafukufuku wa mu 2019 anasonyeza kuti maondo oikirira oterewa 82 pa 100 aliwonse amakhala akugwirabe ntchito patatha zaka 25. Koma dziwaninso kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu amatsalabe ndi ululu wina, ndipo ambiri kugwada kumawavuta. Musasankhe chifukwa ekisire yaoneka moopsa. Amayi anavomera pamene ululu unayamba kuwadzutsa usiku ndipo mtunda umene ankatha kuyenda unafupika kwambiri.

Musanalowe mu opareshoni, ngati muli ndi shuga aikeni m'malo, siyani fodya, ndipo chilonda kapena dzino lowola zichiritsidwe kaye, kuti tizilombo tisakafike pa chitsulocho. Konzani mpando wautali wokhala ndi pogwira, chotsani timakapeti toterera, ndipo pezani munthu wokhala nanu milungu yoyamba. Opareshoni ikatha, adzakuimiritsani kuti muyende tsiku lomwelo kapena mawa lake. Musakane, kuyenda kumateteza kuti magazi asaundane. Katumba akatupa n'kumapweteka, mukayamba kubanika, kapena bala likamatuluka madzi, bwererani kuchipatala nthawi yomweyo.

Milungu 6 yoyamba ndi imene bondo limaphunzira kupinda. Amayi ankakhala pampando, phazi lili pa kansalu koterera, n'kumalikokera kumbuyo pang'onopang'ono mpaka pomwe amva kukoka, ine n'kuika kachizindikiro pansi pamene chidendene chafika. Tinkachita katatu patsiku, patangopita kanthawi atamwa mankhwala a ululu, ndipo tikamaliza ankakweza mwendo pa pilo n'kuikapo ayezi wokulunga m'nsalu kwa mphindi 15.