Mukufuna kumakongoletsa nyumba za anthu mu Mzuzu muno? Mapepala ake ndi awa

Masiku ano aliyense amene wapachika makatani bwino kwa achemwali ake akudzilemba kuti interior designer pa Facebook. Sindikutsutsa ayi, ntchito ilipo, onani nyumba zomwe zikumera ku Luwinga ndi ku Mchengautuwa uko. Koma tsiku lomwe mwini loji kapena abwana a ofesi adzakufunseni TPIN, nambala yanu ya msonkho, musanayeze ndi windo lomwe, mudzaona kuti zithunzi zokha sizikwanira.

Yambani ndi dzina la bizinesi, mulembetse ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, pano zimatheka pa intaneti. Satifiketi ikatuluka pitani ku MRA mukatenge TPIN. Ngati muli ndi kashopu koonetsera masofa ndi makatani, a khonsolo ya mzinda amafunanso layisensi ya bizinesi. Izi sizovuta, nkuyenda chabe.

Pomwe anthu amagwera ndi apa: kusadziwa pamene dzanja lako liyenera kulekezera. Penti, makatani, kusankha matailosi, kuika mipando pomwe ikukhala bwino, zonsezi ndi zanu. Koma kasitomala akangoti tigumule khomali kuti sitingi rumu ilumikizane ndi khitchini ngati zomwe ndinaona pa Pinterest, imani kaye. Makoma ena amanyamula denga kapena silabu ndipo ndi maso okha simungadziwe, muitane injiniya kapena akitekiti wolembetsedwa adzaone, ndipo kusintha kwakukulu kumafuna pulani idutse ku khonsolo. Ma akitekiti ali ndi bodi yawo pansi pa lamulo la Architects and Quantity Surveyors Act, ndiye inu musadzitche akitekiti pa kadi yanu ngati simunalembetsedwe kumeneko, olo mumajambula bho pa kompyuta. Mukayamba kutenga makontirakiti omanga, pamenepo mwalowa m'gulu la makontirakitala, kalembetseni ku CIRA, bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga lomwe kale linkatchedwa NCIC.

Magetsi ndiye osayerekeza nkomwe. Ndinaitanidwa kunyumba ina ku Katoto kukakonza siling'i ya gypsum yomwe munthu wina anaika, titatsegula kabodi kamodzi tinapeza mawaya a timagetsi ta LED tija atangopotedwa nkumatidwa ndi selotepi wamba, wa m'kalasi uja, atagona pa thabwa louma ndipo thabwalo litada kale ndi kutentha. Amayi a nyumbayo anangogwira kukamwa. Oika mawaya a magetsi amapatsidwa chilolezo ndi MERA, mufunseni akuonetseni pepala lake asanakwere pa lada. Kalipentala kapena wamatailosi akakhala ndi trade test kapena pepala la TEVETA ndi bwino, ngakhale ine ndimakonda kukaona ndi maso nyumba yomwe anagwirako chaka chatha, pepala silionetsa ngati matailosi akulira mukawagogoda.

Kunja monga ku America kuli mayeso a NCIDQ omwe anthu a ntchitoyi amalemba. Kuno chomwe chimakugwirani ndi mgwirizano wolemba, ndiye lembani. Koteshoni ikhale ndi miyeso ya chipinda, dzina la penti, makoti angati, ndani akugula katundu, dipoziti ndi zingati, yotsala ilipidwa liti. Mitengo ya katundu imasintha msanga ndiye lembani kuti koteshoniyi ikugwira ntchito masiku angati. Kasitomala akasintha maganizo pakati pa ntchito, poti amasintha, dzulo amafuna girei lero apongozi anena kuti kirimu, mulemberane olo pa WhatsApp pompo kuti mtengo wawonjezeka mwakuti. Malisiti onse sungani, kaya mwagula ku hadiweya kaya nsalu za ku Taifa Market. Ndipo ngati shopu ikukupatsani kangachepe mukabweretsa kasitomala, muuzeni mwini ndalama, akadzamva kwa ena mbiri yanu yathera pomwepo, Mzuzu ndi wochepa uyu.

Chinanso, muno mumagwa mvula yambiri ndipo miyezi ya June ndi July kumazizira, zinthu zimachedwa kuuma. Mukapenta pulasitala isanaume penti imatupa nkumasendeka. Denga likudontha konzani kaye musanaike siling'i, apo ayi pakutha pa dzinja mudzapeza banga ngati wina wathira tiyi. Matabwa a paini ochokera ku Chikangawa ndi abwino koma akhale ouma, aawisi amapindika, chitseko cha wodilopu nkumakana kutseka.

Mukamaliza musangolandira ndalama nkuthawa. Yendani ndi mwini nyumba chipinda ndi chipinda, atsegule madilowa onse, ayatse maswichi onse, zomwe sizili bwino mulembe ndi tsiku lodzakonza, nonse musayine. Musanajambule zithunzi zoika pa Facebook mupemphe kaye, ena safuna kuchipinda kwawo kuonedwe ndi tauni yonse. Ndipo musiyireni penti pang'ono m'kachitini, mulembepo dzina la mtundu wake.