Mmene mungamvere mawu achingerezi oti "cool" osasochera

Mukakumana ndi mawu oti "cool" pa botolo la mankhwala, pa paketi ya babu kapena mu uthenga wa pa WhatsApp, musathamangire kunena kuti ndi kuzizira. Yambani mwaona chimene akufotokoza: ndi chinthu, ndi munthu, kapena ndi yankho chabe? Tanthauzo lake lagona pamenepo, ndipo kuzizira kumalondola pang'ono pokha.

Ngati akunena za nyengo, madzi kapena chipinda, mawu oyenera ndi kuzizirira. Ndi kuzizira kokoma, kosanjenjemeretsa. Madzi a mumtsuko ndi "cool", pomwe a mufiriji ndi "cold". Mthunzi wa mtengo wa mango masana a mu Okutobala ndi "cool". Koma chiperoni ikafika mu Juni kapena Julayi, nkhungu n'kuphimba phiri la Soche, mvula yamawawa osaleka, anthu ku Ndirande n'kumayenda atapinda manja m'majuzi, pamenepo mwadutsa malire. Imeneyo ndi "chilly" kapena "cold".

Kusiyana kumeneku kumaoneka kochepa, koma pa mankhwala n'kofunika kwambiri. Paketi ikalembedwa kuti "store in a cool, dry place" sikuti muike mufiriji ayi. Akutanthauza malo ozizirira, ouma, osafika dzuwa: m'kabati ya kuchipinda, osati pawindo, pafupi ndi mbaula kapena m'galimoto yoimikidwa padzuwa ku Limbe. Yang'anani nambala yomwe yalembedwa, nthawi zambiri amati osapyola madigiri 25 kapena 30. Mankhwala ofuna firiji, monga insulin (mankhwala a odwala shuga) yosatsegula, amalembedwa madigiri 2 mpaka 8. Anthu amalakwitsa mbali zonse ziwiri. Ena amaika mapiritsi mufiriji, ndiye amatenga chinyontho n'kuyamba kufumbutuka. Ena amakankhira insulin kumalo oumitsira nyama, ndipo ikangouma ngati mwala yawonongeka, sigwiranso ntchito bwino ngakhale itasungunuka.

N'chimodzimodzi ndi malangizo othandizira munthu amene wapsa ndi moto kapena madzi otentha. Akati "cool running water" akunena madzi wamba a pampopi, ndipo muthire pamalo opsawo kwa mphindi 20. Madzi oundana ayi, chifukwa amawonjezera kuwononga khungu.

Akagwiritsidwa ntchito ngati mneni, Chichewa chili ndi mawu ake kale: kupola. "Let it cool" pa phala la mwana ndi kuti lipole kaye. Pa injini ya galimoto timangoti izizire, ndipo musatsegule chivindikiro cha radiyeta isanazizire, madzi ake amatumphuka ndi mphamvu mpaka kumaso.

Pa mababu pali msampha wina. "Cool white" sikuti babuyo satentha, akunena mtundu wa kuwala. Onani nambala yotsatana ndi K pa paketi: 2700K mpaka 3000K ndi kuwala kwachikasu ngati kwa nyali, cha m'ma 4000K ndi koyera, pomwe 6500K ndi koyera mopita kubuluu. Chodabwitsa n'chakuti nambala ikamakwera m'pamene amati kuwalako ndi "cool". Wogula babu la 6500K kuti aike kuchipinda chogona amadzadandaula kuti m'chipindamo mukuwala ngati m'chipatala. Opanga utoto nawonso amatchula buluu ndi wobiriwira ndi dzina lomweli.

Tsono pa munthu m'pamene pamafunika kusamala. Mukamasulira "he is cool" kuti ndi wozizira, mwamutukwana. Kwathu kuno munthu wozizira ndi wamphwayi, wosachangamuka, woti ntchito ya ola limodzi imamutengera tsiku lonse. Chingerezi sichikunena zimenezo, ndipo matanthauzo ake pano alipo atatu.

Loyamba ndi kudekha. Dalaivala wa minibasi amene tayala lamuphulikira pa msewu wa Masauko Chipembere, iye osanjenjemera, n'kuimika bwinobwino pambali, ameneyo ndi wodekha, wougwira mtima. Choncho "keep your cool" ndi kukhazika mtima pansi, "lose your cool" ndi kupsa mtima.

Lachiwiri ndi la achinyamata: chinthu chabwino, chamakono, chosiririka. Nsapato zanyatwa, munthu wotchena, kapena mnyamata womasuka, wosavuta kucheza naye. Tanthauzo limeneli linafala kuchokera kwa oimba jazz achikuda a ku America m'zaka za m'ma 1940, ndipo ambiri amatchula woimba saxophone Lester Young kuti ndiye analitchukitsa. Papita zaka zoposa 80 koma silinakalambe, pomwe mawu ambiri a achinyamata sachedwa kuiwalika.

Lachitatu ndi loipa, ndipo ndi lomwe ambiri salizindikira: kusalabadira. "A cool reception" ndi kulandiridwa mosakondwera, moni wa pakamwa pokha, mpando osakupatsani. Kuti musiyanitse, onani kamawu kotsatira. "Cool towards you" ndiye kuti munthuyo wakutalikirani, pali kanthu kukhosi. "Cool with it" ndiye kuti wavomera, alibe nazo vuto. Kamawu kamodzi kokha, koma nkhani yatembenuka.

Awiri ena ndi osavuta. "A cool million" pa ndalama ndi kungotsindika, miliyoni yathunthu yosaperewera ndi tambala yomwe. "Cooling-off period" mu mgwirizano ndi masiku amene mwapatsidwa oti mukhoza kusintha maganizo mutasaina kale, ndipo kuchuluka kwa masikuwo muwerenge m'pepalamo, musangoganizira.

Mnzanu akayankha uthenga ndi "cool" yekha, ndi chimodzimodzi kunena kuti bho, shapu, palibe vuto. Pakati pa anzanu zili bwino. Koma abwana kuntchito, aphunzitsi kapena apongozi akakutumizirani uthenga, lembani kuti "Chabwino, ndamva" kapena "Zikomo, ndichita zimenezo". Pa chimangirizo cha mayeso a MSCE ndi m'kalata yofunsira ntchito, tanthauzo la achinyamatali lisiyeni panja. Ngati mukufuna kunena kuti munthu ndi wodekha, "calm" kapena "composed" ndi amene wowerenga sangawamve mwina.