Kufutsa usipa ndi kuufikitsa ku msika wa ku Limbe

Usipa wabwino umagulidwa m'bandakucha, mabwato a chilimira (ukonde wogwirira usipa) akungokocheza pa doko, kaya ndi ku Msaka, ku Makawa kapena ku Senga Bay. Musanakwere basi yang'anani mwezi. Alovi, asodzi a m'mabwatowa, amakopa usipa ndi nyali usiku, ndiye mwezi ukawala nsomba zimasowa, mtengo wa ndowa n'kukwera. Mwera ukamawomba cha mu Juni ndi Julaye n'chimodzimodzi. Pogula pisani dzanja mpaka pansi pa ndowa. Alipo madobadoba ena amene amaika pansi usipa wogona, wophulika kale mimba, n'kuphimba ndi watsopano.

Tsukani, wiritsani madzi amchere m'chidiramu chodula, muviikemo usipa uli m'dengu. Ukangoyera vuulani, mukachedwa mitu imathothoka.

Poyanika ndi pomwe pagona nkhani. Mwazani pa thandala mopyapyala, nsomba zisasanjikizane, ndipo muzitembenuza ndi manja opepuka. Dzuwa likhoza kuumitsa khungu lokha m'kati muli chinyezi. Katundu wanga anawonongekera pamenepa m'nyengo ya dzinja: kunja unkaoneka wouma, tinalongedza madzulo mitambo itayamba kuda, koma pofika ku Limbe matumba anali atafunda, pakati pachita nkhungu, fungo lake losayandikirika. Unathera kwa oweta nkhuku pa mtengo wongotaya. Choncho musakhulupirire maso. Tengani usipa waukulu wa pakati pa thandala, muuthyole. Wouma umathyoka kuti thyo, wachinyezi umapindika. Ngakhale wauma, usiyeni pamthunzi uzizire musanaulongedze. Ngati pa doko lanu pali tenti yoyanikira ya pulasitiki, lipirani osaderera, mvula ndi ntchentche sizifikamo.

Wina akakuuzani kuti muwaze mankhwala ophera tizilombo a m'dimba kuti mphutsi zisalowe, mukaneni. Usipa umenewo ukadyedwa ndi ana a anthu.

Longedzani m'makatoni kapena m'madengu, osatsendera. Pa lole katundu wanu akhale pamwamba, ndipo mugwirizane mtengo ndi dalaivala musanakweze. Ku msika fikani m'mawa, dulani tikiti, wosweka muupatule mugulitse paokha. Opikula amakonda kutenga pa ngongole. Oyamba kumene musalole.