Kudzaza bracket ya March Madness: yambirani kumapeto

March Madness, mpikisano wa basketball ya amuna wa makoleji a ku America, womwe bungwe la masewera a makoleji la NCAA limachititsa mu Malichi, ndi wachipulula: timu ikagonja kamodzi, basi, yanyamula katundu. Matimu olowa amalengezedwa Lamulungu lotchedwa Selection Sunday. Lachiwiri ndi Lachitatu kumakhala masewera oyambirira otchedwa First Four ku Dayton, Ohio, mpaka patsale matimu 64, ndipo amenewa ndiwo mumawapeza pa bracket, tchati chomwe mumalembapo yemwe apambane masewera onse 63. Matimuwo amagawidwa m'zigawo zinayi, East, West, South ndi Midwest, ndipo m'chigawo chilichonse komiti ya NCAA imawapatsa manambala kuyambira 1, timu yamphamvu kwambiri, mpaka 16. Nambala 1 imakumana ndi 16, 2 ndi 15, mpaka 8 ndi 9.

Musanalembe dzina lililonse, funsani kawerengedwe ka mapointi m'gulu la anthu omwe mukupikisana nawo polosera. Ambiri amapereka pointi imodzi pa ndime yoyamba, kenako 2, 4, 8, 16, ndi 32 pa fainolo. Ndiye kuti kulosera katswiri molondola n'kofanana ndi kupeza masewera onse 32 a ndime yoyamba. Apa ndi pomwe anthu amaluzira: amatha usiku wonse akulimbana ndi masewera a nambala 8 ndi 9, omwe amatha kupita kulikonse ndipo amapereka pointi imodzi yokha, koma katswiri amangomusankha pomaliza, atatopa kale.

Chitani mosemphana. Sankhani kaye wotenga chikho, kenako matimu anayi ofika mu semifainolo, yotchedwa Final Four, imodzi kuchokera m'chigawo chilichonse, n'kumabwerera m'mbuyo. Katswiri mumufune pakati pa manambala 1, 2 ndi 3. Yotsika kwambiri yomwe idatengapo chikho ndi Villanova, nambala 8, mu 1985. Komabe musaike manambala 1 onse anayi mu Final Four: chiyambire mu 1979, pomwe adayamba kupereka manambala kwa matimu onse, mpaka 2025, izi zidachitika kawiri kokha, mu 2008 ndi 2025. Manambala 1 awiri ndi okwanira.

Nanga timu zazing'ono zogwetsa zikuluzikulu? Zisankheni, koma mosamala. Nambala 12 imagonjetsa nambala 5 pafupifupi kamodzi pa masewera atatu alionse, choncho imodzi kapena ziwiri mwa zinayizo mutha kuziyesa. Nambala 11 nayo si yoderera. George Mason mu 2006, VCU mu 2011, Loyola Chicago mu 2018 ndi NC State mu 2024 zonse zidafika mu Final Four. Lamulo lake ndi ili: gwetsani timu yaikulu yomwe mumayembekezera kale kuti ituluka pa ndime yachiwiri. Mukalakwitsa, mwataya pointi imodzi. Koma mukagwetsa timu yomwe kenako yafika patali, dzenje limenelo mumayenda nalo ndime iliyonse.

Nambala 16 isiyeni. N'zoona kuti UMBC idagonjetsa Virginia mu 2018, ndipo Fairleigh Dickinson idagwetsa Purdue mu 2023, koma izi zidayamba kuchitika patatha zaka zoposa 30 za ndime ya matimu 64. Chomwe mungatolepo pa nkhani ya Virginia n'chakuti wosewera wawo De'Andre Hunter adathyoka pamkono masiku ochepa mpikisano usanayambe. Onani za ovulala Lachitatu usiku, osati Lamulungu, chifukwa nambala ya komiti imanena za nyengo yonse, sinena za sabata ino. Onaninso kaponyedwe ka ma free throw, mipira yomwe wochitiridwa faulo amaponya pamzere popanda womutchinga. Masewera a makoleji ndi a zigawo ziwiri za mphindi 20, ndipo kumapeto timu yotsalira imachita mafaulo dala kuti nthawi iime. Yomwe ikutsogola ikamaphonya pamzerepo, chigoli chake chimasungunuka.

Ngati gulu lanu ndi la anthu khumi, khalani ndi matimu apamwamba. Ngati ndi la mazana, katswiri amene aliyense wasankha sangakusiyanitseni ndi anzanu, choncho nambala 2 kapena 3 yolimba ingakuthandizeni.

Ma bracket amatsekedwa masewera oyamba a Lachinayi akamayamba, cha m'ma 12 koloko masana ku New York, yomwe ndi 6 koloko madzulo ku Lilongwe ndi ku Lusaka. Musaiwale kabokosi kolembamo chigoli cha fainolo. Mukafanana mapointi ndi wina, kameneko ndi komwe kamaweruza.